Kabotolo kotsukira injector: kodi njinga ya kabaza ikukafunadi?

Mukalowa mu shopu ya zipangizo za njinga zamoto ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, pafupi ndi mabotolo a oyilo mumapezapo timabotolo tina ting'onoting'ono tolembedwa kuti fuel injector cleaner. Wogulitsa amakuuzani kuti, "Thirani mu thanki, njinga izithamanga ngati yatsopano, mafuta izimwa pang'ono." Ambiri a inu muli ndi achimwene, amalume kapena bambo amene amayendetsa kabaza, ndipo ena fizi yanu imachokera pa njinga yomweyo. Ndalama ya kabotolo kameneka ndi ndalama ya ndiwo, kapena ndi ija yoti apereke kwa mwini njinga madzulo. Choncho lero ndikufuna tione ndi maso a sayansi: kodi muli chiyani m'kabotolomo, kamagwira bwanji ntchito, ndipo ndi liti pamene kugula kwake kuli kutaya ndalama chabe?

Injini imadya chiyani?

Timati njinga imamwa petulo, koma kunena zoona imamwa mpweya wambiri kuposa petulo. Kuti gilamu imodzi ya petulo ipse bwinobwino, pamafunika magilamu pafupifupi 14.7 a mpweya. Lita imodzi ya petulo imalemera magilamu pafupifupi 740. Chulukitsani nokha: 740 kuchulukitsa ndi 14.7 ikupereka makilogalamu pafupifupi 11 a mpweya, omwe ndi malita pafupifupi 9,000. Lita imodzi ya mafuta, malita 9,000 a mpweya!

Ndiye vuto la injini ndi ili: mafuta ochepa chonchi asakanizike bwanji ndi mpweya wambiri chonchi, m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso? Petulo wamadzimadzi sayaka. Chimene chimayaka ndi nthunzi yake itasakanizika ndi okosijeni wa mumpweya. Choncho mafuta ayenera kusanduka nthunzi mwachangu, ndipo njira yake ndi kuwamwaza kukhala timadontho tating'ono kwambiri ngati nkhungu.

Aliyense amene anakolezapo moto amadziwa kale mfundo imeneyi. Chipika sichiyaka ndi machesi, koma mukachiwaza n'kukhala tinkhuni tating'ono, moto umagwira msanga chifukwa malo okhudzana ndi mpweya achuluka. Masamu ake ndi okoma. Tengani dontho limodzi lozungulira, muligawe kukhala timadontho tochepa kakhumi m'mimba mwake. Mupeza timadontho 1,000, ndipo malo onse okhudzana ndi mpweya achuluka kakhumi. Mafuta ndi omwewo, koma tsopano akuuluka n'kupsa msanga.

Njira ziwiri zomwazira mafuta

Njira yakale ndi kabuleta. Mpweya ukamalowa mu injini umadutsa pakhosi popapatiza, pamene umathamanga kwambiri ndipo mphamvu yake yokankha imatsika. Kutsika kumeneku kumayamwa petulo kudzera m'kabowo kotchedwa jeti, ndipo mphepoyo imamumwaza. Palibe kompyuta, palibe pampu yamagetsi. Njinga zambiri za kabaza zimene timaziona m'misewu mwathu zimagwiritsa ntchito njira imeneyi.

Njira yatsopano ndi injector. Pampu yamagetsi imakankha petulo mwamphamvu pafupifupi katatu kuposa mphamvu ya mpweya wotizungulira. Injector ndi kachitseko kamagetsi: mkati mwake muli waya wokulungidwa amene magetsi akadutsamo amasanduka maginito, n'kukoka kasingano, kenako petulo amatuluka pa timabowo tochepera theka la milimita. Kakompyuta kotchedwa ECU ndi kamene kamalamula kuti chitsekocho chitseguke nthawi yaitali bwanji, kutengera zimene tizipangizo toyeza tikukauza: kutentha kwa injini, kuchuluka kwa mpweya, mmene woyendetsa wapotokolera chogwirira chamoto, ndi okosijeni wotsala mu utsi.

Taganizirani liwiro lake. Injini ya four-stroke imalandira mafuta kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, injector imatseguka ka 3,000 pa mphindi, kutanthauza ka 50 pa sekondi imodzi. Kampani ya Kawasaki inayamba kugulitsa njinga ya injector mu 1980, ndipo Honda inatsatira mu 1982. Ku India, kumene kumachokera njinga za Bajaj ndi TVS, malamulo okhwima oletsa utsi woipa otchedwa BS6 anayamba kugwira ntchito mu April 2020, ndipo anachititsa kuti njinga zambiri zatsopano zogulitsidwa m'dzikomo zisiye kabuleta yakale ija. Pang'ono ndi pang'ono njinga za injector zikuchuluka kunonso.

Funso loyamba musanagule kabotolo n'lakuti: njingayi ili ndi injector n'komwe? Yang'anani zilembo FI, EFI kapena PGM-FI pathupi pake. Tembenuzani kiyi osaliza injini, mumvetsere: ngati mukumva kaphokoso koti nziii kwa masekondi awiri kapena atatu, imeneyo ndi pampu, ndipo njingayo ndi ya injector. Mukaona choko ndi kampopi kotsegulira mafuta pansi pa thanki, nthawi zambiri imeneyo ndi ya kabuleta.

Litsiro limachokera kuti?

Petulo si chinthu chimodzi. Ndi chisakanizo cha ma hydrocarbon mazanamazana, ena opepuka ouluka msanga, ena olemerako. Mukazimitsa njinga yotentha, mphepo yoiziziritsa imasiya kuomba ndipo mafuta amasiya kuyenda, koma chitsulo chimakhala chikadali chotentha. Kadontho kotsala pansonga ya injector kamaphikika pomwepo. Zopepuka zimauluka, zolemera zimatsala, n'kugwirizana ndi okosijeni kupanga utomoni womata. Tsiku lotsatira pabweranso kena pamwamba pake. Zili ngati nkhoko za mu poto: simuziona zikuyamba, mumangozipeza zitauma.

Apa muona chifukwa chake kayendedwe ka kabaza n'kovuta kwa injector. Maulendo ndi afupiafupi: kunyamula munthu, kumusiya, kuzimitsa, kudikira pa siteji, kulizanso. Kuzimitsa kulikonse ndi kuphika kwina. Njinga yongokhala miyezi ingapo osayenda nayonso ili ndi vuto lake, chifukwa petulo wogonera amapanga utomoni ali mu thanki momwemo.

Amene munapoperako tomato kapena thonje mukudziwa chimene chimachitika kamwa ya sipuleya ikatsekeka mbali imodzi. M'malo mwa nkhungu yabwino, imalavula madzi okhota, ena akudontha. Injector yakuda imachita chimodzimodzi. Mafuta amatuluka ochepa, madontho ake amakhala akuluakulu, ndipo sapsa onse. Injini imavuta kuliza, imanjenjemera ikaima, imatsamwa mukaipatsa moto, ndipo utsi wake umakhala ndi mafuta osapsa komanso carbon monoxide wambiri. ECU imayesetsa kukonza potsegula injector nthawi yotalikirapo, koma nayo ili ndi malire.

M'kabotolomo muli sopo wa mafuta

Mu phunziro la Chemistry mumaphunzira kuti molekyu ya sopo ili ndi mutu ndi mchira. Mutu umakonda madzi, mchira umakonda mafuta, n'chifukwa chake sopo amanyamula mafuta a m'mbale n'kupita nawo m'madzi. Mankhwala otsuka injector amatsata nzeru yomweyo, kungoti zinthu zatembenuka. Mtsinje wonyamula litsiro pano si madzi, ndi petulo. Mutu wa molekyu, umene uli ndi nayitirojeni, umamata pa utomoni ndi pachitsulo. Mchira wake wautali umasungunuka mu petulo. Petulo akamadutsa, amakoka mchira, mutu n'kutsomphola kachidutswa ka litsiro, kenako zonse zimakapsera limodzi mu injini. Mamolekyu ena amatsala atakuta chitsulocho, zimene zimachititsa kuti litsiro latsopano livutike kumata.

Mayina awiri ndi amene muyenera kuwafuna pa lebulo. Loyamba ndi polyetheramine, mwachidule PEA. Iyi imapirira kutentha, choncho imatsuka injector, mavavu olowetsa mpweya, ngakhalenso mwaye wina wa m'chipinda chopsera mafuta. Lachiwiri ndi polyisobutylene amine, mwachidule PIBA. Iyi imatsuka injector ndi mavavu, koma mwaye wa m'chipinda chopsera siiutha. Mbali yaikulu ya m'botolomo imakhala madzi osungunulira chabe, a mtundu wa palafini kapena naphtha, ongonyamula sopoyo. Timabotolo tina totchipa timakhala pafupifupi zosungunulira zokhazokha. Ine kabotolo kosanena chimene chili mkati, kosalemba muyezo, kapena kopanda dzina la kampani yopanga, ndimakabwezera pa shelefu.

Samalaninso ndi mabotolo ofanana nkhope. Lolembedwa diesel ndi la injini za dizilo, si la njinga. Octane booster ntchito yake ndi kuletsa mafuta kuphulika nthawi isanakwane, si kutsuka. Fuel stabiliser ndi wosungira petulo wa njinga imene ikhale nthawi yaitali osayenda. Engine flush amathira mu oyilo, ndipo pa njinga ndi bwino kumupewa pokhapokha buku la njingayo litalola. Carb cleaner wa m'chitini chopopera ndi wotsukira kabuleta itamasulidwa, sathiridwa mu thanki. Safunsa anadya phula, werengani kaye.

Muyezo: apa ndi pamene masamu anu akugwira ntchito

Timabotolo tambiri tinapangidwira galimoto, yomwe thanki yake imalowa malita 50 kapena 60. Thanki ya njinga ya kabaza imalowa malita a pakati pa 10 ndi 15. Munthu wokhuthulira botolo lonse mu njinga waika mankhwala ochuluka kanayi kapena kasanu kuposa oyenera.

Tiyerekeze kuti lebulo ikuti mamililita 300 akukwanira malita 60. Gawani 300 ndi 60, mupeza mamililita 5 pa lita imodzi. Thanki ya malita 12 ikufuna 12 kuchulukitsa ndi 5, omwe ndi mamililita 60. Botolo limodzi likukwana kasanu, kapena anthu asanu a pa siteji imodzi akhoza kusonkherana n'kugawana. Koma taonani msampha wina. Akabaza ambiri sadzadzitsa thanki, amathira malita awiri kapena atatu malinga ndi ndalama ya tsikulo. Muyezo umatsata mafuta amene alimo, osati kukula kwa thanki. Ngati muli malita atatu, mankhwala ndi mamililita 15 basi. Manambala amenewa ndi chitsanzo. Botolo lililonse lili ndi muyezo wake, ndipo njira yowerengera ndi yomweyi.

Kuchulutsa sikutsuka msanga. Zosungunulira zija zikachuluka zimasokoneza kapsedwe ka mafuta, ndipo zikhoza kufewetsa kapena kutupitsa timalabala ndi mapaipi. Zina zimatsetsereka m'mbali mwa pisitoni n'kulowa mu oyilo. Pa njinga zambiri oyilo mmodzi yemweyo ndi amene amasamalira injini, magiya ndi kilatchi, ndiye oyilo wosungunuka amavulaza zinthu zitatu nthawi imodzi. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuthira mankhwalawa nthawi yosintha oyilo ikayandikira, kuti thanki imeneyo ikatha, oyilo nayenso asinthidwe.

Kathiridwe kake n'kosavuta. Pitani ku filing'i siteshoni thanki ili pafupi kutha. Zimitsani injini. Yezani mankhwala ndi sirinji yopanda singano kapena kakapu kolembedwa manambala, kamene sikadzagwiranso ntchito ina. Thirani mankhwala poyamba, petulo pambuyo, kuti kugwa kwa petuloyo kusakanize zonse. Akadontha pa penti pukutani msanga. Kenako yendani mpaka mafutawo atsike ndithu musanawonjezere ena, ndipo ngati n'kotheka pakhale ulendo umodzi wautali woti injini itenthe bwino. Sopoyu amatsuka pang'onopang'ono, sikuti mukangothira pomwepo njinga yasintha. Ndipo si chakudya cha tsiku lililonse: kamodzi pa makilomita masauzande angapo n'kokwanira, malinga ndi zimene lebulo ndi buku la njinga zikunena.

Matenda amene kabotolo sikachiza

Tsiku lina ndinakhala pa galaja ina ya pansi pa mtengo ndikuonerera makaniko akugwira njinga yomwe mwini wake ankadandaula kuti ikutsamwa. Mnyamatayo anali atathira kale mabotolo awiri. Makanikoyo anatsegula bokosi la sefa ya mpweya, n'kutulutsa siponji yofiira ndi fumbi ngati njerwa. Anangomufunsa kuti, "Aise, munthu atakutseka mphuno, ungachire ndi mankhwala a m'mimba?" Atasintha sefa, njinga inalira bwinobwino.

Zizindikiro za injector yakuda zimafanana ndi za mavuto ena ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi otchipa kuwayang'ana. Sefa ya mpweya imatsekeka msanga m'misewu yathu yafumbi, makamaka kuyambira August mpaka mvula itagwa. Pulagi yakutha imalephera kuyatsa bwino. Batire yofooka imasokoneza pampu ndi ECU. Mavavu amafuna kuchunidwa. Matayala ochepa mpweya ndi tcheni chouma zimadyetsa mafuta. Injector imene waya wake wapsa, kapena pampu yofooka, palibe sopo amene angazidzutse. Nyali ya injini ikayaka osazima, njinga ikufuna makaniko wodziwa kuwerenga zimene ECU ikunena. Injector yotsekeka kwambiri imachotsedwa n'kutsukidwa pa makina apadera.

Nanga njinga ya kabuleta? Mabotolo ena amalemba kuti amagwiranso pa kabuleta, ndipo akhoza kuchotsa utomoni wochepa. Koma sopo amatsuka pokhapo pamene petulo akudutsa. Jeti ikatsekeka kotheratu, mankhwala sangafikemo. Pamafunika kumasula, kutsuka ndi kuuzira mpweya.

Vuto lina ndi madzi. Kuno ku Malawi petulo amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo dziko lathu linayamba zimenezi kale, mu 1982. Ethanol ameneyu amapangidwa kuchokera ku molasesi, zotsalira popanga shuga, ku ETHCO ku Dwangwa ndi ku PressCane ku Chikwawa. Ali ndi ubwino wake: amakweza octane, amasungunula utomoni wina, ndipo amachepetsa mafuta oitanitsa kunja. Koma amakonda madzi. Madzi akalowa mu thanki ochepa, ethanol amawameza n'kupsa nawo. Akachuluka, ethanol ndi madziwo amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pomwe pampu imayamwira. Njinga imazima, thanki imachita dzimbiri. Mankhwala a vuto limeneli ndi kukhuthula thanki, osati kabotolo.

Tinenenso za mafuta a m'zigubu, amene amachuluka m'mphepete mwa msewu nthawi imene mafuta akusowa. Chigubu chikhoza kukhala ndi mchenga, madzi kapena zotsalira za chimene munali kale, ndipo wogula alibe njira yodziwira ngati petuloyo sanasakanizidwe ndi palafini. Sopo amasungunula utomoni. Mchenga ndi dzimbiri sazisungunula. Zimenezo zimatseka sefa ya mafuta ndi kuwononga pampu, yomwe mtengo wake ndi woposa mabotolo ambirimbiri. Kugula mafuta pa malo ovomerezeka ndi MERA, ndi kuonetsetsa kuti chitsekero cha thanki sichikulowetsa mvula, kumateteza injector kuposa mankhwala alionse.

Moyo wanu kaye

Mankhwalawa amayaka, ndiponso ndi poizoni. Musathire pafupi ndi mbaula, kandulo kapena munthu wosuta. Musalize njinga m'nyumba yotseka, chifukwa carbon monoxide alibe fungo kapena mtundu, koma amamata pa hemoglobin mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo opitirira 200, ndipo amapha. Otsala musawaike m'botolo la zakumwa, mwana angaone ngati fanta. Wina akamwa, musamusanzitse, chifukwa akalowa m'mapapo amavulaza kwambiri. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botololo. Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15.

Yesani ngati asayansi

Munthu akawononga ndalama pa chinthu, mtima umafuna kumva kuti chagwira ntchito. Ndiye mawu oti "ikukoka bwino tsopano" si umboni. Umboni ndi manambala, ndipo inu mukhoza kuthandiza achimwene anu kuwapeza ndi kope ndi cholembera basi.

Adzadzitse thanki, inu mulembe makilomita a pa mita. Akadzabweranso kudzadzitsa, lembani makilomita atsopano ndi malita amene alowa. Gawani mtunda ndi malitawo. Mwachitsanzo, makilomita 360 pa malita 9 ndi makilomita 40 pa lita. Chitani zimenezi katatu musanathire mankhwala, mupeze avereji. Thirani mankhwala pa muyezo wake, thanki imeneyo ithe, kenako yezaninso katatu. Kumbukirani lamulo la kuyesa kwachilungamo: sinthani chinthu chimodzi chokha. Woyendetsa akhale yemweyo, misewu yofanana, mpweya wa m'matayala wofanana. Mukasintha pulagi ndi sefa sabata yomweyo, simudziwa chimene chathandiza. Onaninso mmene manambala atatu oyamba aja akusiyanirana okhaokha. Ngati amasiyana kale ndi makilomita awiri, ndiye kusintha kwa kilomita imodzi sikukutanthauza kanthu.

Ngati injector inalidi yakuda, muona kusintha, ndipo mudziwa kuti ndalama inagwira ntchito. Ngati inali yoyera kale, manambala sasuntha, chifukwa sopo sangapatse injini mphamvu yoposa imene inapangidwa nayo. Pamenepo mwapulumutsa ndalama ya botolo lotsatira.

Amene kwanu kulibe njinga, tengani botolo lopopera la madzi okhaokha, mupopere pa khoma louma mutaima phazi limodzi kuchokera pakhomalo. Jambulani kukula kwa malo onyowa ndi choko, ndipo werengani mphindi zimene atenge kuti aume. Kenako matani theka la kabowo ndi phala la ufa, liume, mupoperenso kuchuluka komweko pamalo ena. Yerekezani maonekedwe ndi nthawi youma, mulembe mu kope chifukwa chake zasiyana pogwiritsa ntchito mfundo ya malo okhudzana ndi mpweya ija. Mukatero mutsuke kabowoko ndi madzi a sopo, mupopere kachitatu.